Mbuzi Zakwera Mtengo ku Mauwa

Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndimazolikira a Namakhwa akaimirira kuyankhula pamaliro kapena paukwati, pomwe anthu ena onse makutu ali tcheru. Amayi anu amakuuzani kuti khosi limandivuta. Khosi langa lilibe vuto lililonse. Ndi nsanje. Mkulu ameneyu ndamuchitira nsanje kuyambira tili anyamata mpaka lero mitu yathu yatuwa, ndipo popeza ndinalonjeza kukulemberani za ntchito yanga momwe inayendera, sindingamudumphe. Chimene ndinkafuna pa zaka zonse zija sichinali chachikulu. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi chinthu chimene ndaona ndi maso angawa anthu achitche changa.

Njuli, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a zaziweto, ananditumiza pa dibi la ng'ombe kufupi ndi Njuli. Inu madibi simunawaone akugwira ntchito. Linali dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi a mankhwala, ng'ombe n'kumalumphiramo imodziimodzi kuti nkhupakupa zife, ndipo woyang'anira pamenepo anthu ankangomutcha a Dibi, dzina lake lenileni osalilabadira. Tinafika anyamata awiri tsiku limodzi, ine ndi a Fedson Namakhwa, aliyense sutikesi kumanja mphasa pamutu. Anatipatsa nyumba imodzi ya zipinda ziwiri, yodontha chipinda changa chokha. Ntchito a Namakhwa ankaidziwa, pamenepo sindiwanamizira. Koma chimene Mulungu anawapatsa mosefukira ndi pakamwa. Ankatha kungopita kuchigayo n'kubwerako ndi nkhani yoti amayi aiwale ndiwo pamoto. Ine ndikafotokoza chinthu, ngakhale chikhale chodabwitsa bwanji, anthu ankangoti oho, n'kundifunsa ngati mvula yagwa kumene ndachokerako.

M'mawa wina, dzuwa lisanatuluke, ndinakwera njinga yanga yakapalasa kupita kukabaya agalu katemera wa chiwewe m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu. Nditafika pakalavati pena, ndinaona chinyama chakhala pakati pa njira. Popeza mutu wanga unali pa agalu, ndinati uyu ndiye woyamba, wandichingamira yekha. Ndinatsika n'kumuimbira mluzu. Ataimirira ndinaona kuti kumbuyo kwake n'kotsika, khosi lalikulu, thupi lamawangamawanga. Anali fisi. Tinayang'anizana, iye osathawa. Chimene ndinakwanitsa ndi kuliza belu la njinga. Anandiyang'ana ngati wandimvera chisoni, kenaka anatsikira kumtsinje pang'onopang'ono, osacheuka n'komwe. Njinga ndinayenda choikankha mpaka pamudzi, chifukwa mapazi ankaphonya zopalasira.

Madzulo ndinawafotokozera a Namakhwa tikudya mbatata. Anamvetsera bwino kwambiri, akufunsa ngakhale mbali imene fisiyo analowera, ine n'kumati mnzangayu wandidera nkhawa. Pamsonkhano wotsatira wa ku boma, kumene tonse a zaziweto tinkakumana mwezi ndi mwezi, ndinangomva fisi wanga akutuluka m'kamwa mwawo. Tsopano afisi anali awiri, wokumana nawo anali iwowo, ndipo atatha kuliza belu anawaimbiranso nyimbo ya kutchalitchi. Bwana wathu anali a Thomu, munthu wosaseka wamba, amene ankatha kukubweza kunyumba chifukwa cha batani limodzi la malaya. Tsiku limenelo anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine ndinali pabenchi lakumbuyo. Patapita miyezi ingapo kunabwera njinga yamoto imodzi yokha, ndipo a Thomu anati ipite kwa mnyamata amene amayenda m'njira za afisi.

Tsiku lomwe a Namakhwa anafika nayo kunyumba ndinawafunsa ngati alibe manyazi. Ankaipukuta ndi kansalu, osandiyang'ana.

"Achimwene," anatero, "nkhani ija mukanaifotokoza inuyo ikanafera pabenchi pomwepo. Ine ndangoipatsa miyendo."

Chowawa chinali chakuti sankanama. Pambuyo pake ananditengeranso nsato imene ndinaipeza itapingasa njira ya kudambo, ndi apusi amene anandilanda chinangwa chootcha pakaliyala ndikukambirana ndi mlimi. Zonsezi mpaka lero okalamba a ku Njuli amati zinawachitikira a Namakhwa. Ndinaphunzira kutseka pakamwa ndikafika kunyumba.

Mauwa, zaka za m'ma 1990

Anandisamutsira ku Mauwa nditangokwatira amayi anu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakhalitsa. A Namakhwa anawatengera ku ofesi ya ku boma kuti azithandiza a Thomu. Nthawi imeneyo zinthu zinayamba kusowa. Mankhwala a dibi ankabwera mwa apo ndi apo, kenaka anangosiyiratu, m'dibi n'kumalira achule. Katemera wa chitopa ndinkakamutenga ku boma m'fulasiki, ndikupalasa ngati wopenga kuti ndifike asanatenthe, ndipo nthawi zina ndinkafika nkhuku zake zitatha kale. Machubu a njinga atatheratu ndinkaika udzu m'matayala. Anthu ankanditchabe a Dibi, ngakhale kuti ntchito yanga tsopano inali ya mbuzi, nkhuku ndi nkhumba. Nyama za m'njira sizinasiye kundikonda. Ndinakumana ndi nungu masanasana, ndi ng'azi yaikulu imene inandithamangitsa pamlatho, koma ndinkangouza amayi anu okha, ndipo iwonso ankamvetsera uku akusankha nyemba. Nthawi zina pamsewu waukulu ndinkamva njinga yamoto ija ikubwera kumbuyo, ndipo kulira kwake ndinkakuzindikira ili patali. A Namakhwa ankandiimbira hutala n'kukweza dzanja, ine n'kutsala ndikulavula fumbi.

Mavuto a mbuzi za kwathu kuno mukuwadziwa. Kwina anthu akangokolola chimanga amazimasula, koma kuno nandolo amatsala m'munda mpaka chilimwe chitakhwima, ndiye mbuzi zimakhala pachingwe, zikuzungulira chikhomo, mpaka nandolo womaliza atachoka. Pozimasula zimapeza kunja kulibe ndi kaudzu komwe. Chaka china mvula inadula msanga, ndipo pofika Okutobala mbuzi zinkadya mapepala ndi makungwa, nthiti zikuonekera.

M'mudzi wina kuseri kwa chipatala cha Mauwa munali mayi wamasiye, mayi Esitere, wa pakamwa pakuthwa, amene ankagulitsa thobwa pamsika ndipo sankamvana kwenikweni ndi abale ake. Masana ena ndinapita kukaona tonde wawo amene ankatsokomola. Pakhomo sindinapeze mbuzi ndi imodzi yomwe. Ndikuyang'anayang'ana, ndinamva tinthu tikugwera pachipewa changa, ndipo nditachivula ndinapeza ndi manyi a mbuzi. Ndinakweza maso. Kuseri kwa nyumbayo kunali thanthwe lalikulu, ndipo mkuyu wakale unamera motsamira thanthwelo, nthambi zake zikuluzikulu zitatambalala mpaka pamwamba pa denga. M'nthambimo munali mbuzi. Zinkakwera thanthwe, n'kulumphira pa nthambi ya m'munsi, n'kumayenda bwinobwino mpaka kunsonga kukadya nkhuyu ndi masamba. Tonde wotsokomolayo anali pamwamba penipeni, akundiyang'ana uku akutafuna.

Ndinakhala pansi pomwepo. Mayi Esitere anandiuza kuti nditseke pakamwa ntchentche zingalowe. Anati mbuzi zawo zinayamba zimenezi njala itavuta, inayambitsa ndi yaikazi imodzi yamakani, zinazo n'kumatsatira. Anandipempha kuti ndisamazikambe pamudzi, chifukwa anthu ayamba kale kuloza mkuyuwo ndi milomo. Ine mtima unkangogunda ndi chimwemwe. Iyi yokha, ndinati, a Namakhwa saimva mpaka nditainena ndekha pamaso pa a Thomu.

Ku boma, chaka chomwecho

Mwayi unabwera msanga. Kunafika mayi wachizungu wa bungwe lina logawa mbuzi kwa alimi, ndipo tinauzidwa kuti pa ife tonse asankhapo munthu mmodzi wokaphunzira kunja za kawetedwe ka mbuzi m'madera ouma. Aliyense ankayenera kuimirira n'kunena chimene waona m'dera lake. A Thomu anati tiyankhule Chinyanja kuti tisachite chibwibwi pamaso pa mlendo, a Namakhwa azimasulira m'Chingerezi. Ndinakonzekera kwambiri. Panjira yonse yochokera ku Mauwa ndinkabwereza mawu anga ndikupalasa, ndipo ndinaganiza zoyamba ndi chiganizo chachifupi choti aliyense adzidzimuke nacho. Amayi anu anandisitira malaya oyera, mabatani onse ali m'malo mwake.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, n'kunena kuti, "Bwana, ku Mauwa mbuzi zakwera mtengo."

Ndinadikira kuti anthu adzidzimuke. Onse anangogwedeza mitu. Mnzathu wa ku Mbulumbuzi anati kwawonso n'chimodzimodzi, mbuzi sizikugulika. A Thomu anayankha motopa kuti palibe chimene sichinakwere mtengo m'dziko muno, sopo, mchere, palafini, ndipo ngati ndapalasa ulendo wonsewo kudzanena zimenezo ndikhale pansi. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndikanangoti mumtengo. Ka mu kamodzi kokha ndinakasiya panjira, ndipo mtengo wanga wa masamba unasanduka mtengo wa pamsika. Ndisanatsegule pakamwa a Namakhwa anali atamasulira kale, ndipo mlendoyo anachita chidwi, akufunsa za misika ya mbuzi ndi mavenda ochokera ku Limbe. Mafunsowo a Namakhwa sanandibwezere. Anayankha okha, mokoma, manja akuvina.

Ndinakweza mawu n'kunena kuti sindikunena za msika, ndikunena mumtengo, m'mwamba, mumkuyu, ndipo ndinaziona ndi maso anga. Onse anafa nalo phwete. Anayesa kuti ndikuthawa manyazi ndi nthabwala. Wina anafunsa ngati mbuzizo zimaikiranso mazira m'zisa. Mlendo atafunsa chomwe anthu akuseka, a Namakhwa anamunong'oneza timawu, iye n'kundimwetulira monga timachitira mwana akagwa. Kuyambira tsiku limenelo ku boma ndinali a Kweramtengo. Amene anasankhidwa simukufunika kuti ndikuuzeni.

Anakwera ndege a Namakhwa, kupita ku Moroko. Ine ndege ndimangoiona ikudutsa pamwamba pa nandolo mpaka lero. Atabwerako tinaitanidwa tonse kukamva zimene aphunzira, ndipo pomaliza anatulutsa chithunzi chachikulu mu envulopu. Chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka chinafika pabenchi langa. Panali mtengo waminga pamalo ouma, m'nthambi mwake mbuzi zili mbwee, ndipo pansi pake pataima a Namakhwa atavala magalasi akuda. Anthu omwe anandiseka aja ankagwira pakamwa, akuti kunja kuli zinthu, ngakhale mbuzi zakumeneko n'zophunzira. Ndinanena kuti izitu n'zimene ndinakuuzani zija. Woyandikana nane anati ndisadetse chithunzi ndi zala, ndipatsire ena. Ndinabwerera ku Mauwa osadya nkhomaliro imene anatikonzera, ndipo kwa masiku angapo amayi anu ankandiyankhula ine osamva. Chithunzicho anachiika m'felemu n'kuchipachika mu ofesi, ndipo a Thomu atapuma ntchito, mpando wa pansi pa chithunzicho unakhala wa a Namakhwa. Munthu amene ndinkagawana naye mbatata ndinayamba kumutcha bwana.

Mauwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Mbuzi za mayi Esitere sizinasiye. Ana a mbuzizo anaphunzira kwa amawo, ndipo chilimwe chilichonse mkuyu uja unkadzaza. Anthu ankang'ung'udza chapansipansi mpaka chaka chimene mwana wa mng'ono wa mayiyo anamwalira atangodwala masiku ochepa. Maliro asanathe n'komwe, mawu anali atatuluka kale akuti zokwera mumtengozo si mbuzi, ndi anthu amene mayiyo amawatuma. Anyamata anaphwanya khola n'kupha yaikazi imodzi, nyama yake osaidya, kungoitaya kudzenje. Thobwa lawo pamsika linasowa wogula. Abale anagwirizana kuti Loweruka akhale pansi pamaso pa amfumu, ndipo aliyense ankadziwa kuti chigamulo chake n'chakuti mayiyo achoke pamudzi. Kopita analibe. Malo amenewo anali a amayi awo ndi agogo awo, ndipo akuchimuna anali atawasudzula kalekale.

Mayi Esitere anabwera kwathu m'mawa n'kukhala pansi pakhonde. Pakamwa pakuthwa paja panali pataphwa. Anati inu a Dibi ndi a boma, munaziona kuyambira pachiyambi, kawauzeni anthuwa kuti ndi njala chabe. Ndinapita tsiku lomwelo. Ndinafotokoza za ziboda za mbuzi, za thanthwe, za nkhuyu, zonse mwadongosolo. Anthu ankandiyang'ana ngati ndikuwawerengera malangizo a pa botolo la mankhwala. Mlamu wa mayiyo anandifunsa chifukwa chimene mbuzi zake, zanjala chimodzimodzi, sizikwera. Ndisanayankhe, wina kumbuyo anati musavutike nawo awa, ku boma komwe amawaseka. Ndinabwerera ndisanasinthe mtima wa munthu ndi mmodzi yemwe.

Chimene chikanawasintha ndinkachidziwa, ndipo ndinkadziwa khoma limene chapachikidwa. Amayi anu ananena zomwezo ndisanavule n'komwe nsapato. Ndinawayankha mwaukali kuti bola ndikwere ndekha mumkuyumo kusiyana ndi kukagwada kwa munthu ameneyo. Iwo anangoti chabwino, koma amene agone kuthengo Loweruka si inu. Ndinakhala tsiku lathunthu ndikukonza njinga yosawonongeka. Pomaliza ndinaganiza zokabwereka chithunzi chokhacho, mwini wake n'kumusiya ku ofesi, kuti kamodzi kano woima patsogolo ndikhale ine. Ndi maganizo amenewo ndinapalasa kupita ku boma.

A Namakhwa anandilandira bwino, anaitanitsa tiyi. Zimenezinso zinkandipsetsa mtima, kuti munthuyu sanandichitepo mwano woti ndimude nawo poyera. Ndinafotokoza zonse kuyambira tsiku la chipewa. Anafunsa ngati ndikutanthauza kuti mbuzi za ku Mauwa zija zinalidi zoona. Ndinati nanga tsiku lija simunandimve? Anaseka n'kunena kuti iwo ankayesa ndikunena za msika, ngati wina aliyense. Kaya ankanena zoona kaya ayi, sindikudziwa mpaka lero, ndipo kusadziwako kumandidya. Ndinapempha chithunzi.

"Chithunzi sichiyankhula, achimwene," anatero. "Mukapita nacho nokha akanena kuti mwachijambulitsa kwa sing'anga. Ndibwera nacho ndekha."

Ndikanatha kukana. Koma ndinakumbukira nkhope za anthu aja pamene ndinkawafotokozera za ziboda, ndipo ndinati zikomo bwana.

Anafika Loweruka dzuwa litakwera, pa njinga yamoto yatsopano, chithunzi atachibereka kumsana ndi chitenje ngati mwana. Mudzi wonse unali utakhala pabwalo, mayi Esitere ali okha pamphasa chapakati, palibe woyandikana nawo. A Namakhwa anayamba ndi kupereka moni kwa akuluakulu m'Chilomwe, anapepesa maliro, anatchula dzina la mwana womwalirayo, limene anali atangondifunsa potsika njinga. Za mbuzi sanafulumire nazo. Anayamba ndi ndege, momwe makutu amatsekekera, ndi chimbudzi cha m'mwamba, mpaka amayi ena anayamba kubisa kuseka m'zitenje. Kenaka anamasula chithunzi n'kuchipereka kwa mlamu uja poyamba. Chinayenda bwalo lonse, anthu akuunjikana. Anafunsa ngati mayi Esitere anayamba afikako ku Moroko, kapena ngati ali ndi mbale wawo kumeneko amene anamutumizira mankhwala pa positi. Anati kumeneko mwini mbuzi zotere amanyada, alendo amaima ndi magalimoto kudzajambula, pomwe ife tikufuna kuthamangitsa mayi yekhayo amene mbuzi zake zili ndi nzeru. A Namakhwa anauza mlamu uja kuti akapeze thanthwe ndi mkuyu wopendekeka pakhomo pake, aone ngati zake sizikwera. Yankho limenelo ndinali nalo inenso tsiku lija, koma linandifikira ndili kale panjira yobwerera.

Bwalo linali litafewa, koma lisanagonje. Mng'ono wa mayi Esitere, mayi wa malemuyo, anali asanakweze nkhope. A Namakhwa anaona zimenezo. Anatsitsa mawu n'kunena kuti mbuzi za pamudzi pano iwo anaziona kalekale, asanakwere ndege, tsiku lina akudutsa, manyi a mbuzi atawagwera pachipewa. Anati anathamangira ku boma, anaimirira pamaso pa mabwana ndi mzungu, n'kunena kuti ku Mauwa mbuzi zakwera mtengo, mabwanawo n'kuwayankha kuti ngakhale sopo wakwera. Bwalo lonse linagwa ndi kuseka. Amfumu ankapukuta misozi. Ngakhale mayi wofedwa uja mapewa ake anagwedezeka. Ine ndinazolika. Munthuyu ananditengera fisi, nsato, ndege ndi mpando, ndipo tsopano ankanditengera ngakhale manyazi anga, chinthu chokhacho chimene ndinkayesa kuti palibe angachisirire.

Kenaka anatembenukira kwa ine, anthu onse n'kutembenuka nawo.

"Ndikunama, a Dibi? Inu munalipo tsiku limenelo."

Mawu anali okonzeka pakamwa panga, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga anali mawu abwino, oti bwalo lonse likanawamva. Koma munthu akangogwidwa bodza limodzi pabwalo, zonse zimene wanena zimagwa nalo, ndi chithunzi chomwe. Ndinayang'ana pamphasa paja. Mayi Esitere ankadziwa bwino lomwe mwini wa chipewa chija, ndipo ankandiyang'ana osaphethira, manja atagwira m'mphepete mwa mphasa.

"Simukunama, bwana," ndinatero. "Ndinalipo."

Mlandu unathera pomwepo. Amfumu anati anyamata aja amangenso khola limene anaphwanya, ndipo mayi wofedwayo anadzuka n'kukakhala pamphasa ya mkulu wake. Anthu anakhamukira kuseri kwa nyumba kukaona mkuyu ngati sanauonepo, a Namakhwa ali patsogolo kuwalozera pomwe mbuzi zimaponda, ngakhale kuti mkuyuwo iwo ankauona koyamba.

Tikutsanzika, mayi Esitere anatuluka atanyamula kamsoti ka mbuzi kakuda, konenepa bwino. Ndinaona akubwera chakumene ndinaima, ndipo sindikubisirani, manja anga anali atayamba kale kutambasuka. Anandidutsa. Anagwada patsogolo pa a Namakhwa n'kunena kuti alibe china chowathokozera. A Namakhwa anakana mwaulemu monga zimakhalira, kenaka n'kulandira. Mayiyo anatembenukira kwa ine, pakamwa paja patabwerera m'malo mwake.

"Nanga inu a Dibi mwangoima? Amangireni abwanawa, inu ndi amene mumadziwa zingwe."

Ndinakamanga. Ndinayala thumba pakaliyala, ndinapinda timiyendo take bwinobwino kuti chingwe chisakadule, n'kuonetsetsa kuti mutu uli kutali ndi paipi yotentha. Njinga yamoto inalira, ine n'kukwera yanga n'kumatsatira m'fumbi, ndikukamva kakulira mpaka anakhotera kumsewu waukulu. Mayi Esitere anagona m'nyumba mwawo tsiku limenelo, ndipo anakhalamo mpaka anamwalira atakalamba, abale awo atawazungulira. Zimenezo ndimakondwera nazo, ndipo atati andifunsenso lero ndikhoza kuyankha chimodzimodzi. Koma ana anga, kambuzi kaja kanali kanga.